Mmene mungapangire DVD kuno ku Joni yoti ikaonetse bwino kumudzi

Patatha masiku angapo katundu atafika, uthenga umabwera pa WhatsApp: "Achimwene, disiki ija ikukana. Makina angolemba kuti No Disc." Chikhalirecho pa laputopu ya amene anaipanga inkaonetsa bwinobwino. Dandaulo limeneli si lachilendo pakati pa Amalawi a kuno ku Johannesburg, ndipo gwero lake nthawi zambiri limakhala limodzi. Munthu watenga fayilo ya MP4 n'kuikopera pa disiki mmene amachitira ndi fulashi. Imeneyo si DVD ya kanema ayi, ndi disiki yosungira mafayilo basi. Kompyuta imatsegula chilichonse, koma makina a DVD amene ali pa kabati kwa agogo ku Mangochi kapena ku Mzimba amafuna kanema wokonzedwa motsatira dongosolo lake, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1996 pomwe DVD inatuluka koyamba ku Japan.

Wina afunsa kuti DVD n'njachiyani masiku ano, YouTube ili pomwepo. Afunse mtengo wa bandulo yoti munthu aonere maola awiri a ukwati kumene netiweki imapezeka pachulu pokha. Kumudzi makina a DVD akadalipo, ena amayendera sola ndi batire, ndipo disiki imodzi imazungulira nyumba zonse za pabanja. Makwaya athu a kuno nawonso amagulitsabe madisiki akatuluka m'tchalitchi. Ndiye pa chilichonse chimene musankhe m'munsimu, musafunse laputopu yanu. Ganizirani makina okalamba aja, TV yake ya chimsana, ndi rimoti yomwe mwina inasowa chaka chatha.

Mufunika kompyuta yokhala ndi malo opanda kanthu osachepera 20 GB, chowotchera madisiki (malaputopu atsopano ambiri alibe, koma cholumikiza pa USB chimagulitsidwa m'mashopu a zamakompyuta), madisiki opanda kanthu a DVD-R, ndi makina a DVD enieni oyesera. Makina oyeserawo musawaone ngati zongowonjezera. Pitani ku mashopu a katundu wogwiritsidwa kale ntchito monga Cash Crusaders kapena Cash Converters, mugule akale otchipa. Akakhala akale kwambiri ndiye abwino, chifukwa akufanana ndi amene akudikira disiki yanu.

1. Ntchito imayamba musanajambule

South Africa ndi Malawi onse amatsatira dongosolo la TV lotchedwa PAL. Pa DVD, PAL ndi chithunzi cha timadontho 720 chopingasa ndi 576 chotsika, ndipo zithunzi 25 zimadutsa pa sekondi iliyonse. Ku America ndi ku Japan kuli NTSC, ya 720 ndi 480, zithunzi pafupifupi 30 pa sekondi. Tsono mafoni ambiri amabwera atatcheredwa kale pa 30. Mukajambula pa 30 n'kudzasinthira ku 25, kompyuta imataya zithunzi zisanu pa sekondi iliyonse, ndipo akwati akamalowa m'holo akuvina kayendedwe kawo kamaoneka kodukizadukiza. Tcherani kamera pa 25 kapena 50 tsiku la mwambo lisanafike. Pa iPhone muyenera kuyatsa kaye Show PAL Formats m'makonzedwe a kamera kuti 25 ioneke.

Pali phindu linanso. Magetsi a mayiko athu awiriwa ndi a 50 Hz, ndipo mababu ena a m'maholo amaphethira mogwirizana ndi magetsiwo. Diso silikuona kuphethirako, koma kamera yojambula pa 30 imakuona, n'kutulutsa mizere yoyendayenda pachithunzi. Pa 25 kapena 50 vutoli limachepa kwambiri.

Onse amene akukuthandizani kujambula muwauze kuti foni igone chopingasa. Kanema wojambulidwa foni itaimirira amatenga gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a TV, kwinako n'kukhala mdima, ndipo pa timadontho 720 tija nkhope zonse zimapanikizana pa timadontho tosakwana 250. Azakhali sadzazindikira ndi mwana wawo yemwe.

Mawu ndiye musawasiye m'manja mwa kamera yomwe ili kumbuyo kwa holo. Pemphani DJ akulumikizeni chojambulira ku mikisa yake, apo ayi ikani foni ina pafupi ndi olankhula izijambula mawu okha. Isakhale kukamwa kwa sipika, chifukwa kumeneko mawu amasweka. Akuluakulu kumudzi amafuna amve zimene ankhoswe ananena, liwu ndi liwu, ndipo chithunzi chokongola sichilowa m'malo mwa zimenezo.

2. Sonkhanitsani, dulani

Makanema a anzanu muwatenge ndi chingwe kapena pa fulashi. Akatumiza pa WhatsApp mwachizolowezi, kanema amafinyidwa n'kuwonongeka, pokhapokha atamutumiza ngati Document.

Podulira kanema pali mapulogalamu a Shotcut ndi Kdenlive, onse aulere ndipo amayenda ngakhale pa laputopu yotopa. DaVinci Resolve nayo ili ndi mtundu waulere, koma imafuna kompyuta yamphamvu. Potsegula ntchito yatsopano sankhani 1920 ndi 1080, zithunzi 25 pa sekondi.

Mafoni ali ndi khalidwe lina lobisika. Sajambula pa liwiro limodzi lokhazikika. Kukada amachepetsa zithunzi, kukawala amawonjezera. Pa foni simungazindikire, koma pa DVD, pakadutsa ola, milomo ya abusa imayamba kutsogola mawu n'kumabwera pambuyo. Shotcut ikaona fayilo yotere imakufunsani ngati mukufuna kuisintha kaye, ndipo muvomere. Mungathenso kuidutsitsa mu pulogalamu ya HandBrake mutasankha Constant Framerate, kutanthauza liwiro lokhazikika. Dziwani kuti HandBrake sipanga DVD, imangokonza fayilo.

Nanga mudule chiyani? Apa mpamene ojambula atsopano amalakwira mbali zonse ziwiri. Ena amasiya zonse, maola asanu, pamodzi ndi nthawi imene anthu ankadikira galimoto ya akwati. Ena amafuna kanema wa mphindi khumi wonga wa pa Instagram, n'kuchotsa perekaniperekani yense ati ndi wotopetsa. Kwa ine kulakwa kwachiwiriku n'kokulirapo. Amene adzaonere kumudzi akufuna kuona ndani anabwera, amalume a ku Rosettenville ananenepa bwanji, mbali ya akuchimuna inavina ndi ndalama zingati. Dulani nthawi yodikira, kuyesa maikolofoni, ndi pamene kamera inkajambula denga. Wachibale aliyense aoneke ngakhale kamodzi. Mukatha, tulutsani fayilo imodzi ya MP4 yapamwamba ndipo mulembe kutalika kwake m'mphindi, chifukwa nambala imeneyo ndiyo ilamulire gawo lotsatira.

3. Kasamu kochepa

Pa disiki wamba pamalembedwa 4.7 GB. Mukailowetsa, Windows imati 4.37 kapena 4.38. Sanakubereni, opanga madisiki amawerenga ndi 1000 pomwe Windows imawerenga ndi 1024. Malo ake ndi omwewo ndipo satanuka.

Chimene mumasankha inu ndi bitrate, kutanthauza kuchuluka kwa malo amene sekondi iliyonse ya kanema ipatsidwe. Zili ngati nkhuku imodzi pa alendo: akachuluka, nthuli zimachepa. Njira yachidule ndi iyi. Gawani 600 ndi mphindi za kanema wanu, kenako chotsanipo 0.2 ya mawu. Yankho lake ndi bitrate ya chithunzi, yomwe imayezedwa mu Mbps. Nambala ya 600 ikuchokera pa kukula kwa disiki, itachepetsedwa pang'ono kuti menyu ipeze malo.

Kanema wa mphindi 90 apeza pafupifupi 6.4, ndipo aoneka bwino kwambiri. Wa mphindi 120 apeza 4.8, zomwe n'zokwanira ngati kamera sinkagwedezeka kwambiri. Wa mphindi 180 atsikira pa 3.1, ndipo apa gule akafika pachimake chithunzi chimasweka kukhala timabokosi, makamaka pa zitenje zamaluwa ndi pamene ndalama zikuuluka. Mukadutsa maola awiri, gawani pa madisiki awiri, ya kutchalitchi ndi ya kuholo. Ilipo disiki ya 8.5 GB yokhala ndi magawo awiri osanjikizana, koma ndi yodula, ndipo makina akale ambiri amajejema kapena kuimiratu pamene akuchoka pa gawo loyamba kupita lachiwiri. Madisiki awiri wamba ndi odalirika kuposa imodzi yotero.

Kumwamba nakonso kuli malire. Lamulo la DVD limalola chithunzi kufika 9.8 Mbps, ndipo zonse pamodzi ndi mawu zisapitirire 10.08. Koma disiki yowotcha pakhomo imavuta kuwerenga kusiyana ndi ya kufakitale, choncho ngakhale kanema wanu ndi wa mphindi 40 zokha, musadutse 8.

Mawu a pa DVD amayenera kukhala a 48 kHz, osati 44.1 kHz ya pa CD ya nyimbo. Sankhani AC-3, amene amatchedwanso Dolby Digital, pa 192 kbps. A kwaya, amene nyimbo ndiye katundu wawo, angakwere kufika 256 kapena kuposerapo. Pali PCM, mawu osafinya, koma amadya pafupifupi 690 MB pa ola limodzi, malo amene chithunzi chikanapindula nawo.

4. Kusandutsa kanema kukhala wa DVD

DVD imafuna chithunzi cha mtundu wa MPEG-2. Pulogalamu imene tigwiritse ntchito, DVDStyler, imasandutsa yokha mukaipatsa MP4, ndiye ambiri mungadumphe gawo lino. Amene mumakonda kulamula kompyuta ndi mawu olemba, pulogalamu ya FFmpeg imachita zomwezo ndi mzere umodzi:

ffmpeg -i ukwati.mp4 -target pal-dvd -aspect 16:9 -b:v 4800k -b:a 192k ukwati.mpg

M'malo mwa 4800k ikani yankho la samu yanu ija. Chithunzi chidzatsika kuchoka pa 1080 kufika pa 576, ndipo pa laputopu chidzaoneka chofewerapo. Ndi mmene DVD ilili, palibe chalakwika.

5. Kumanga disiki: menyu ndi machaputala

Mukafufuza pa intaneti mupeza maphunziro ambiri a mapulogalamu amene anafa kale. Adobe Encore inathera pa CS6 ya mu 2012, Apple inasiya DVD Studio Pro mu 2011, ndipo Windows DVD Maker inachotsedwa pomwe Windows 8 inabwera. Musataye nthawi kuzisaka. DVDStyler ndi yaulere, imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo imakwanitsa zonse zimene ukwati kapena kwaya ingafune.

Ikatseguka imakufunsani zinthu zingapo. Dzina la disiki lilembeni ndi zilembo zazikulu popanda mipata, monga UKWATI_2025. Kukula, 4.7 GB. Mtundu, PAL. Mawu, AC3. Maonekedwe, 16:9 ngati munajambula ndi foni kapena kamera ya masiku ano.

Pa 16:9 pamafunika kumvetsa pang'ono. DVD imasunga chithunzi chotambalala ndi cha TV zakale pa timadontho tofanana, 720 ndi 576. Kusiyana kwake ndi kachizindikiro kamene kamauza makina kuti atambasule chithunzicho kapena ayi. Mukasankha 4:3 pa kanema wotambalala, anthu onse amaoneka ataliatali owonda. Mukasankha bwino, makina olumikizidwa ku TV yakale amaika okha mizere yakuda kumwamba ndi kumunsi, malinga ngati m'makonzedwe mwawo anauzidwa kuti TV ndi ya 4:3.

Kokerani fayilo yanu m'munsi mwa zenera. Imeneyo yakhala title yoyamba, kutanthauza kanema woyamba wa pa disikiyo. Dinani pamenepo kawiri kuti mutsegule makonzedwe ake, ndipo muona malo olembapo machaputala. DVDStyler imaika yokha chaputala pakatha mphindi khumi zilizonse. Fufutani zimenezo. Machaputala atsatire mwambo osati wotchi: kufika kutchalitchi, malumbiro, zithunzi za kupaki ya Zoo Lake kapena ya Emmarentia, kulowa m'holo, zolankhula za makolo ndi ankhoswe, perekaniperekani, kudula keke. Onerani kanemayo muli ndi pepala, muzilemba nthawi imene gawo lililonse likuyambira, kenako mulembe nthawizo motsatizana mukulekanitsa ndi chizindikiro cha koma (,). Chaputala chiyambe sekondi imodzi kapena ziwiri munthu asanatsegule pakamwa. Pa DVD ya kwaya n'zosavuta, nyimbo iliyonse chaputala chake. Mungaike mpaka 99, koma pa ukwati khumi kapena khumi ndi awiri akwana.

Tsopano menyu, ndipo apa ndipamene muyenera kukumbukira rimoti ija. M'nyumba zambiri rimoti inatayika, inathyoka, kapena mabatire ake anapita mu tochi. Chotsala ndi mabatani a pamakina penipeni: Play, Stop, Next ndi lotsegulira. Ngati menyu yanu ikufuna munthu asunthe kupita kumanja kapena kumunsi kuti apeze poyambira, disiki imeneyo idzangozungulira pa menyu mpaka batire ya sola ithe. Pali njira ziwiri. Yoyamba, batani limene limakhala losankhidwa kale menyu ikangotuluka likhale loonetsa kanema yense. Yachiwiri, yomwe ine ndimakonda pa madisiki opita kumudzi, ndi kulowa m'makonzedwe a DVD n'kulamula kuti disiki ikangolowa iyambe yokha title yoyamba, menyu idzabwere kanema akatha kapena wina akaifuna. Machaputala aja amagwirabe ntchito ndi batani la Next, ngakhale popanda rimoti.

TV zakale zimadya m'mphepete mwa chithunzi. Zolemba zonse ndi mabatani zikhale mkati, mutasiya gawo limodzi mwa magawo khumi kumbali iliyonse. DVDStyler imatha kuonetsa mzere wa malire amenewa, uyatseni. Zilembo zikhale zazikulu ndi zonenepa. Zopyapyala zopiringizika za pa makhadi a ukwati zimanjenjemera pa TV ya chimsana ndipo siziwerengeka. Batani losankhidwa lisinthe mtundu moonekeratu, monga kuchoka pa loyera kupita pa lachikasu, kuti munthu wokhala pamkeka kumbuyo adziwe pamene ali. Chithunzi chimodzi cha akwati kumbuyo chakwana. Menyu yoyenda yokhala ndi nyimbo imasangalatsa ulendo woyamba, koma ikabwereza kachisanu anthu akudikira agogo alowe, imafika pokwana.

Mawu a pa mabatani alembeni m'Chichewa kapena m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, malinga ndi kumene disiki ikupita. Mayina a akwati, a makolo ndi a midzi muwatumize kaye kwa eni ake awaone. Dzina la mfumu likalakwika pa madisiki makumi atatu, onsewo ndi otaya. Ngati mukulemba chilembo cha ŵ, onetsetsani kuti mtundu wa zilembo umene mwasankha uli nacho, chifukwa ina imaika kabokosi m'malo mwake.

DVD imalolanso mawu olembedwa m'munsi mpaka mitundu 32 ndi mawu omveka mpaka mitundu 8. Pa ukwati wa Mmalawi ndi Mzulu kapena Msotho, mawu olembedwa amathandiza mbali inayo kumva malangizo. Mumawalemba mu fayilo ya SRT n'kuiwonjezera pa title. Ndi ntchito yotenga nthawi, ndiye ngati wina akukulipirani, muiike pa mtengo.

6. Musawotche kaye, pangani ISO

Mukadina kuti ntchito iyambe, DVDStyler imakupatsani mwayi wowotcha pomwepo kapena wopanga fayilo ya ISO. Sankhani ISO. Imeneyi ndi disiki yonse yosungidwa ngati fayilo imodzi, ndipo makope onse adzachokera m'menemo.

Itseguleni ndi pulogalamu yoonera makanema ya VLC, yomwe imaionetsa ngati mwalowetsa disiki yeniyeni. Yesani batani lililonse ndi chaputala chilichonse. Pitani chakumapeto muone ngati milomo ndi mawu zikuyenderabe limodzi.

Mukasuzumira mkati mwa ISO mupeza foda ya VIDEO_TS, ndipo mwina ina ya AUDIO_TS yopanda kanthu, zomwe n'zabwinobwino. Mu VIDEO_TS muli mafayilo amitundu itatu. A VOB ndiwo kanema ndi mawu, odulidwa m'zigawo zosapitirira 1 GB. A IFO ndiwo amauza makina kumene menyu ndi machaputala zili. A BUP ndi makope a ma IFO, osungidwa kuti disiki ikakandika pamalo amodzi makina apeze pothawira. Musasinthe dzina la fayilo iliyonse, ndipo musayese kulumikiza ma VOB poganiza kuti kanema waduka. Foda imeneyi ndi imene makina akumudzi amasaka disiki ikalowa. Akaipeza palibe, ndi pamene amalemba uthenga uja wokana.

7. Kuwotcha

Madisiki olembeka kamodzi alipo amitundu iwiri. DVD-R inayamba mu 1997, DVD+R inabwera mu 2002. Makina a masiku ano amawerenga yonse, koma akale kwambiri amagwirizana bwino ndi DVD-R, n'chifukwa chake ndinati mugule imeneyo. Ya RW, yofufutika, ndi yabwino poyeserera kunyumba, osati yotumiza. Gulani ya dzina lodziwika monga Verbatim. Madisiki opanda dzina a m'mitolo yotchipa amatha kuonetsa bwino lero n'kuyamba kukana chaka chisanathe.

Pa Windows, dinani kumanja pa fayilo ya ISO musankhe Burn disc image, ndipo muchonge Verify disc after burning. Njira imeneyi sikulolani kusankha liwiro. Pulogalamu ya ImgBurn imalola, ndipo ngakhale inasiya kukonzedwa mu 2013 imagwirabe ntchito. Poiika pa kompyuta werengani zenera lililonse, mukane mapulogalamu ena owonjezera. Pa disiki palembedwa 16x, koma inu wotchani pa 4x kapena 8x. Pa 4x disiki yodzaza imatenga pafupifupi mphindi 15, pa 8x pafupifupi theka lake. Kuthamanga kumakupulumutsirani mphindi zochepa n'kukupatsani disiki imene makina okalamba angavutike nayo.

Kuwotcha kukadukira panjira, disikiyo yatha ntchito. Tonse tikudziwa za loadshedding ndi za magetsi ongozima mosayembekezeka m'mafulati a m'tauni. Laputopu yokhala ndi batire yodzaza imapitiriza, pamodzi ndi chowotchera cha pa USB. Kompyuta ya patebulo yopanda UPS, batire yothandiza magetsi akazima, imafa pomwepo. Letsaninso kompyuta kugona yokha, tsekani mapulogalamu ena, ndipo tebulo lisagwedezeke.

Ngati pulogalamu yanu ikufunsa zosiya disiki yotseguka kuti mudzawonjezere zina mtsogolo, kanani. Disiki yosatsekedwa imawerengeka pa kompyuta imene inaiwotcha, koma makina a DVD amaikana.

8. Yesani pa makina enieni

Wotchani imodzi yokha, muilowetse m'makina akale aja olumikizidwa ku TV. Rimoti muibise. Kodi kanema wayamba ndi mabatani a pamakina okha? Nkhope zili ndi maonekedwe ake? Zolemba sizinadulidwe m'mphepete? Dumphani chaputala chilichonse, ndipo mphindi khumi zomaliza muzionere zonse osadumpha. DVD imawerengedwa kuchokera pakati kupita kunja, choncho mapeto a kanema amakhala m'mphepete mwa disiki, kumene zala zimagwira, kumene imakandika msanga, komanso kumene madisiki otchipa amalephera. N'chifukwa chakenso si bwino kuidzaza mpaka pakamwa. Siyani 200 MB kapena 300 MB.

Ena amada nkhawa ndi zigawo za DVD, loko amene amachititsa kuti disiki ya chigawo china cha dziko lapansi ikanidwe ndi makina a chigawo china. N'zoona kuti South Africa ili m'chigawo 2, pamodzi ndi Europe ndi Japan, pomwe Malawi ili m'chigawo 5. Filimu yogula m'shopu kuno ingathe kukanidwa ndi makina ena kwathu. Koma loko ameneyu amaikidwa ndi makampani a mafilimu. Disiki yowotcha nokha ilibe.

9. Makope, zolemba ndi ulendo wa pa basi

Kope lililonse lichokere ku ISO, osati kukopera disiki kuchokera ku disiki inzake. Madisiki khumi kapena makumi awiri mungawotche nokha madzulo angapo. A kwaya ofuna ambiri apite ndi disiki yoyesedwa kale kwa amene ali ndi makina owotcha madisiki angapo nthawi imodzi. Kudinda kwa kufakitale kumatulutsa madisiki olimba kwambiri, koma mafakitale amafuna oda ya mazana angapo.

Ngati madisikiwo ndi ogulitsa, nkhani ya umwini wa nyimbo ikukhudzani. Nyimbo ya woimba wina yoikidwa pansi pa kanema, kapena yoimbidwa ndi kwaya yanu koma yopeka munthu wina, ili ndi mwini wake. Kuno chilolezo chokopera nyimbo pa disiki chimadzera ku bungwe la CAPASSO, ndipo ku Malawi kuli bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992. Funsani musanawotche mulu wonse.

Polemba pa disiki gwiritsani ntchito cholembera chofewa cha madisiki (maka), osati bolopeni. Mapepala omata asiyeni. Akakhala opendekera pang'ono disiki imanjenjemera pozungulira, ndipo kukatentha amamatuka n'kukodwa m'makina. Ofuna chithunzi cha akwati pamwamba agule madisiki oyera osindikizika ndi pulinta yolandira disiki.

Basi yochoka ku Johannesburg imadzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete isanalowe pa Mwanza, ulendo wa masiku awiri kapena kuposa ngati pa boda pachedwa. Kutentha kwa ku Tete mukukudziwa, ndipo disiki yowotcha pakhomo imasunga kanema pa utoto wopyapyala umene sugwirizana ndi dzuwa ndi kutentha. Iliyonse ikhale m'bokosi lake lolimba, osati m'kaenvulopu, ndipo mabokosiwo alowe pakati pa zovala, kutali ndi mafuta ophikira ndi sopo. Nyumba iliyonse yofunika ilandire makope awiri, imodzi yoonera ndi yobwereketsa, ina yosunga amayi m'sutikesi. Mungawonjezere fulashi yokhala ndi MP4 ya achinyamata a mafoni, koma musadalire kuti polowetsa fulashi pa makina a DVD padzatsegula MP4 ya masiku ano, chifukwa makina akale ambiri amangodziwa AVI ndi MPG.

ISO ija pamodzi ndi makanema oyambirira zisungeni pa hadi disiki ina, chifukwa pempho la kope lina lidzabwera ndithu, mwina patapita zaka. M'bokosi la disiki ikanimo kapepala kolemba pamanja ka mizere iwiri: disiki ikada aipukute ndi nsalu yofewa kuchokera pakati kupita kunja osati mozungulira, ndipo anthu akaoneka owonda pa TV yakale alowe mu Setup ya makina asinthe TV Type ikhale 4:3 LB.